Nyukiliya ya ku Chongwe: nanga madzi adzacokera kuti?

Ife a mu Garden sitinaiwale mdima wa mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwera maola owerengeka cabe. Kucokera apo, tikatuluka m'mapemphero salephera wina kufunsa kuti, nanga nyukiliya ija anatilonjeza ili kuti?

Tikumbutsane. Mu 2018 boma linasaina pangano ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia lomanga malo ofufuzira za nyukiliya ku Chongwe, okhala ndi makina a 10 megawatts. Makinawo sanali opanga malaiti iyayi. Anali a maphunziro, a mankhwala a khansa ndi a kusunga zokolola kuti zisafumbwe. Kufikira lero sanamangidwe.

Koma nkhani imene andale sakonda kukamba ndi ya madzi. Mai aliyense adziwa kuti phala likapanda kuvundulidwa lipserera pansi. M'kati mwa makinawa muli timipope ta citsulo todzala uranium, totentha koopsa. Madzi akamayenda mwaulesi, amene akhudza citsulo atentha okha, ena apitirira osanyamula kanthu. Ndiye cifukwa cake mapampu amawathamangitsa kuti aziwinduka monga mtsinje wosefukira, ndipo m'makina akuluakulu amisiri amaikamo timapiko towapotoza. Ndiwo mthiko wake. Kuvundulako kukalekeka, nthunzi iphimba citsulo, kutentha kusowa potulukira, citsulo nkusungunuka. Coipa cina, ngakhale makina azimitsidwe, kutentha sikutha tsiku lomwelo. Ku Fukushima mu 2011 makina anazima bwinobwino. Cimene cinalephera ndi mapampu, atasowa magetsi madzi a m'nyanja atasefukira.

Inde, makina aang'ono a ku Chongwe sangamwe madzi ambiri ngati a ku Koeberg ku South Africa, amene atunga m'nyanja ya mcere. Koma ife nyanja yotero tilibe, ndipo damu la Chongwe linauma mu 2019, anthu nkumayembekezera madzi a pa magalimoto. Ena mwa madzi a mtsinjewo ndi athu omwe: acokera m'maiwe a zonyansa a mu Garden muno, natsika ndi Ngwerere, kumene alimi athirira repu ndi tomato.

Tsono boma likafuna kudzutsa panganoli, litiuze poyera kumene madzi adzacokera, ndiponso amene adzatsekeredwa mpope caka ca cilala, makina kapena mlimi wa ku Ngwerere.