Chuma Chobisika m'Khungu la Phwetekere

Aliyense amene adaphikapo ndiwo za phwetekere amadziwa kuti khungu lake silisungunuka. Mnofu umapsa n'kusanduka msuzi, koma khungu limangopindika m'poto ngati kapepala. Kulimba kumeneku kumachokera ku chinthu chimene asayansi amachitcha cutin, chomwe chimakuta masamba ndi zipatso kuti madzi asamathawe ndiponso kuti tizilombo toyambitsa matenda tisalowe msanga.

Cutin ali ngati mikanda yolukanalukana, ndipo mkanda uliwonse ndi kachidutswa ka mafuta a chomera. Akatswiri amatenthetsa makoko a phwetekere m'madzi a soda wamphamvu kuti mikandayo imasuke, kenaka amathira asidi kuti idikhe pansi. Ikalumikizidwanso imapanga utoto wolimba wonga pulasitiki, koma wosachokera ku mafuta okumba pansi. Kuyambira mu 2014 mpaka 2017, bungwe lofufuza za zakudya za m'zitini la SSICA, la mumzinda wa Parma ku Italy, lidatsogolera ntchito ya BiocopacPlus ndi thandizo la European Union. Ntchitoyi idapanga utoto wopaka m'zitini za chakudya, wolowa m'malo mwa utoto wokhala ndi mankhwala a bisphenol A, omwe amakayikiridwa pa umoyo wa anthu.

Nkhaniyi ikukhudza alimi a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe. Kuchokera mu 2000, pamene mafamu akuluakulu adayamba kugawidwa, mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adataya ntchito, ndipo ena adatsamira pa ulimi wa kudimba. Phwetekere akachuluka, mtengo wake umagwa pamsika wa Mbare Musika mu Harare, ndipo wotsala amaola. Mwa zina, n'chifukwa chake mu 2021 ku Mutoko kudatsegulidwa fakitale yokonza zipatso ndi ndiwo zamasamba pasukulu ya ntchito zamanja ya Tabudirira. Paliponse pamene phwetekere amafinyidwa chotere, makoko ndi njere zimaunjikana pamalo amodzi. Mulu umenewo ndiwo poyambira pa cutin.

Komabe alimi asanamizidwe. Iyi si ntchito ya pakhomo: soda wamphamvu amaotcha thupi ndi kupha maso, pomwe makina ake amafuna ndalama zambiri. Khungu ndi gawo laling'ono kwambiri la chipatso, choncho dengu la mlimi mmodzi silingakope wogula. Phindu lidzatsata amene angathe kusonkhanitsa makoko ambiri, oyera ndiponso osaola.

Apa ndi pamene pali udindo wa alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a alimi akamapangana mitengo ndi mafakitale, azifunsa kuti zotsalira ndi za yani, ndipo yankho lilembedwe m'pangano. Lero zotsalirazo zikhoza kudyetsa ziweto kapena kupanga manyowa. Zikadzapeza msika wa cutin, gulu lopanda pangano lidzangoonerera ena akudyerera thukuta lake.

Padakali pano khungu lomwelo likugwira kale ntchito m'dimba. Phwetekere wothyoledwa kukuzizira, wosungidwa pamthunzi ndiponso wosapanikizidwa m'bokosi amafika kumsika khungu lili lamphumphu. Likangong'ambika, madzi amathawa, nkhungu imalowa, ndipo mtengo umatsika wogula asanafike.