Chidendene chikukana kukhala pansi? Yang'anani kakolo

Musanapitirize kuwerenga, ikani kaye foniyo pambali. Vulani nsapato, imani mapazi atatalikirana pang'ono, kenako njutani mpaka pansi ngati mmene amachitira agogo akamakoleza moto. Zidendene zakhala pansi kapena zanyamuka? Ngati zanyamuka, kapena mwamva ngati mugwa chagada, nkhani ya lero ndi yanu.

Ambirife tinkanjuta bwinobwino tili ana, posewera fulaye ndi phada. Kenako unabwera mpando wa kusukulu, wa mu minibasi, wa kuofesi, madzulo sofa. Tsiku lonse limatha kakolo asanapindike mpaka pomwe amathera, ndiye thupi limazolowera pomwepo. Onjezani nsapato za gogoda, kapena phazi lomwe linabinya pa mpira zaka ziwiri zapitazo n'kungolisiya, basi kakolo wauma.

Wina anena kuti, nanga kunjuta kuli ndi ntchito yanji masiku ano? Pepani, si nkhani ya chimbudzi chokumba chokha ayi. Sitepe iliyonse yomwe mumaponda, kakolo amayenera kupindika kuti bondo lipite kutsogolo kwa phazi. Pongoyenda pamafunika madigiri 10 kapena kuyandikira pamenepo, koma potsika masitepe, pothamanga ndi potera mukadumpha pamafunika ochuluka. Kakolo akakana, thupi limakabwereka kwina: phazi limapotokera kunja, chipondero chimaphwatalala, bondo limagwera mkati. Ndiye munthu amadandaula bondo kapena chidendene pomwe wolakwa ali pansipa, ali phee.

Yezani kaye

Imani moyang'ana khoma. Ikani phazi limodzi kutsogolo, chala chachikulu chitalikirane ndi khoma masentimita 10. Ngati mulibe rula, khadi la ATM ndi lotalika pafupifupi masentimita 8 ndi theka, ndiye onjezerani pang'ono. Pindani bondo kuti ligunde khoma, lilunjike pa chala chachiwiri, chidendene chisanyamuke. Lagunda? Kakolo wanu ali bwino. Lakanika? Sendezani phazi pang'onopang'ono mpaka ligunde, muyeze, mulembe mufoni. Chitani chimodzimodzi mwendo winawo. Ine ndimaona kuti kusiyana kwa miyendo iwiriyi n'kofunika kuposa nambala yeniyeniyo, chifukwa matupi athu amasiyana, koma miyendo ya munthu mmodzi siyenera kusiyana kwambiri.

Mukamayeza, mvetserani pomwe pakukanirapo. Ngati mukumva kukoka kumbuyo, mu katumba kapena mu mtsempha wa chidendene, vuto ndi minofu. Ngati mukumva kutsina kapena kutsekeka kutsogolo kwa kakolo, ngati chitseko chomwe chagunda mwala, nthawi zambiri vuto lili polumikizana mafupa penipenipo. Ziwirizi mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati ndi minofu

Katumba si mnofu umodzi. Pali wapamwamba, gastrocnemius, womwe umayambira pamwamba pa bondo, ndi wamkati, soleus, womwe umayambira kunsi kwa bondo. Yonse imakumana mu mtsempha wa Achilles, mtsempha wamphamvu kuposa yonse m'thupi, womwe umakagwira fupa la chidendene. N'chifukwa chake kukoka kwake kuli pawiri.

Poyamba, gwirani khoma, bwezani mwendo umodzi kumbuyo, bondo lili chiwongokere, chidendene pansi, zala zoloza kutsogolo. Tsamirani kutsogolo mpaka mumve kukoka mu katumba. Khalani choncho masekondi 30, katatu. Kenako sendezani phazilo pafupi pang'ono, pindani bondo lakumbuyolo chidendene chili pansibe. Kukoka kutsikira mmunsi, pafupi ndi mtsempha. Apanso masekondi 30, katatu. Anthu ambiri amachita koyambako kokha, pomwe kwachiwiriku n'komwe kumathandiza kwambiri ponjuta ndi potsika masitepe, chifukwa pamenepo bondo limakhala lopinda.

Ngati kuima kukuvuta, mwina angokuchotsani chikhakha, khalani pamphasa mwendo mutawongola, kolekani chitenje pansi pa zala ndipo kokerani phazi kwa inu. Osadzidzimutsa, osanjanja. Kukoka kumveke, koma kusafike popweteka mpaka kuluma mano.

Musaiwale mphamvu. Imani m'mphepete mwa sitepe ya khonde ndi zala zokha, kwerani, kenako tsikani pang'onopang'ono mpaka zidendene zipitirire sitepeyo. Chitani ka 10 kapena ka 15, kawiri. Mukamatsuka mano, imani ndi mwendo umodzi masekondi 30. Zikuoneka zachibwana, eti? Koma phazi likabinya, kakolo amataya luso lodziwa mmene wapondera, ndipo kuima ndi mwendo umodzi kumalibwezeretsa. N'chimodzi mwa zinthu zomwe zimachepetsa kubinyanso.

Ngati ndi mafupa okana kuterereka

Apa ndi pomwe manja a katswiri wa mafizo amagwira ntchito. Kakolo ndi malo okumanirana mafupa atatu: awiri a mwendo, tibia ndi fibula, omwe amapanga ngati chipanda, ndi kafupa ka phazi kotchedwa talus komwe kamakhala mkati mwa chipandacho. Kuti bondo lipite kutsogolo, talus amayenera kuterereka chakumbuyo pang'ono. Phazi likabinya kapena likakhala milungu ingapo m'chikhakha, minyewa yozungulira malowa imauma ndipo kutererekako kumachepa. Mutha kukoka katumba mwezi wathunthu osaona kusintha.

Chomwe wamafizo amachita si kusisita wamba. Amagwira mwendo ndi dzanja limodzi, ndi linalo amakankhira talus kumbuyo mobwerezabwereza, mofatsa, akuwonjezera mphamvu molingana ndi mmene kakolo akuyankhira. Njira yoyeza mphamvu chotereyi inatchuka ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia. Ina ndi ya Brian Mulligan wa ku New Zealand: inu mumaponda phazi pa benchi n'kumapinda bondo nokha, pomwe iye wagwira talus ndi kukoka mwendo ndi lamba. Lamulo la njira imeneyi n'lakuti isapweteke. Ikapweteka, katswiri amasintha kagwiridwe kapena kusiya.

Kunyumba mutha kuchita zofananako ndi mphira ya chubu cha njinga. Imangeni pa chinthu cholimba kumbuyo kwanu, chapansi, kolekani kutsogolo kwa kakolo kunsi kwa timafupa tiwiri totukuka m'mbali tija, osati pamwamba pake. Pondani phazilo pa njerwa, sendererani kutsogolo mpaka mphira ikoke, ndiye pindani bondo ndi kubwerera, ka 10 kapena ka 15. Mukamaliza, pitani pakhoma mukayezenso.

Koma tiuzane zoona. Zomwe manja amatsegula sizikhalitsa ngati inu simuzigwiritsa ntchito. Mukatuluka kwa wamafizo kakolo atapepuka, n'kukakhalanso pampando sabata yonse, abwerera mwakale. Manja amatsegula, mafizo a kunyumba ndi omwe amasunga. Ndipo kusintha kumabwera pang'onopang'ono, pa milungu, osati Lachisanu lomweli. Mphindi 10 patsiku, masiku ambiri pa sabata, muyezenso pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Ngati kutsina kwa kutsogolo sikukusintha, kaonaneni ndi adokotala, chifukwa mwa anthu ena, makamaka omwe amenya mpira nthawi yaitali, pamamera kafupa kutsogolo kwa kakolo. Kafupa sikachoka ndi kukoka.

Pomwe osakhudza

Pa masosho a Loweruka ndi pa netiboli ya kumpingo, munthu akangogwa atagwira phazi, pamapezeka katswiri wadzidzidzi. "Gwirani mwendo, tilikoke libwerere!" Kunyumba amayi atereka kale madzi oti athowe. Chikondi chilipo ndithu, koma phazi lomwe langobinya kumene silifuna kukokedwa, kutikitidwa kapena kuthowedwa. Nthawi zambiri limakhala lapindikira mkati n'kung'amba minyewa ya kunja kwa kakolo, ndipo kutentha ndi kutikita m'masiku awiri kapena atatu oyamba kumangowonjezera kutupa. Likwezeni pamwamba, limangeni bandeji mosathinitsa, ikani ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 ngati akuchepetsa ululu. Ululu ukayamba kutsika, yambani kuliyendetsa ndi kupondera pang'onopang'ono. Kuligoneka milungu yambiri n'komwe kumaumitsa kakolo.

Madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anakonza malamulo osavuta mu 1992 othandiza kudziwa yemwe akufunika X-ray. Awiri mwa iwo aliyense atha kuwakumbukira. Ngati munthu akulephera kuponda masitepe anayi, kapena akumva ululu mukadina pa fupa lenilenilo, kumbuyo kapena kunsonga kwa timafupa totukuka tija, apite kuchipatala. Kukoka phazi lothyoka kumatha kusandutsa vuto la chikhakha kukhala la opaleshoni.

Chinanso: katumba akatupa mwendo umodzi, akutentha ndi kupweteka popanda kuvulala, makamaka mutayenda ulendo wautali ngati wa basi ya ku Johannesburg, kapena kwa mayi woyembekezera ndi amene wangochira kumene, musasisite. Atha kukhala magazi oundana mu mtsempha, ndipo amenewo ndi a kuchipatala tsiku lomwelo. Nawonso odwala shuga omwe mapazi awo amachita dzanzi ayambe afunsa kuchipatala, ndipo asathowe ndi madzi otentha chifukwa atha kupsa osamva.

Akatswiri a mafizo tili nawo kwathu konkuno. Amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndipo sukulu ya KUHeS imaphunzitsa ena. Mafizo si a anthu odwala sitiroko okha, monga ambiri amaganizira. Kakolo wobinyabinya, kapena wouma chichotsereni chikhakha, ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti akutumizeni kumeneko.

Madzulo ano yezani aliyense panyumbapo, kuyambira ana mpaka agogo, mulembe manambala. Musadabwe agogo akakuposani nonse.