Za Mbewa Zonenepa ndi Zokometsera Ndiwo

Masiku ano pamsika ndi m'mabasi timva ogulitsa alikufuula kuti adyo, tsabola ndi tameriki zisungunula mafuta m'thupi ndi kuchiza nthenda ya shuga. Ndipo munthu akafunsa umboni, ayankha kuti anthu ophunzira a kunja anaziyesa kale. Mawu amenewa si bodza lokhalokha ayi, koma ogulitsawo aiwala kunena kuti oyesedwa ambiri anali mbewa. Tsono mwezi uno tati tikambe za mbewazo.

Izi si mbewa zathu zija zokumba m'munda tikatha kukolola, zimene anyamata azipana pampani. Ndi timbewa toweta m'timakola, tobadwa mwa mtundu umodzi mibadwo yambirimbiri, kotero kuti tifanana ngati mapasa; chifukwa chake wofufuza akasintha chakudya chokha, adziwa kuti kusiyana kumene akuona kwachokera m'chakudyamo.

M'chaka cha 2009 ofufuza a pa Tufts University, ku Boston m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza pa tameriki, muzu uja wonga jinja umene ufa wake uli wachikasu. Mbewa zina anazipatsa chakudya cha mafuta ambiri. Zina anazipatsa chomwecho, koma atathiramo curcumin, ndiye mphamvu ya m'muzuwo, mamiligalamu 500 pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Anatero masabata 12. Magulu onse awiri anadya mofanana, komabe mbewa za curcumin sizinanenepe monga zinzake, ndipo mafuta a m'chiwindi ndi a m'magazi mwawo anali ochepa. Chifukwa chimodzi chimene anaona n'chokondweretsa: mafuta a m'thupi sakula popanda timitsempha tatsopano towabweretsera magazi, monga mudzi sukula popanda njira ya kuchitsime, ndipo curcumin anachedwetsa kumera kwa timitsemphato.

Tsabola naye anayesedwa. Chimene chitiwawa pakamwa tikaluma kambuzi dzina lake ndi capsaicin, ndipo chikhudza kachiwalo ka m'thupi komvera kutentha, kotchedwa TRPV1. Mu 2007 ofufuza a ku Chongqing, ku China, anaonetsa kuti capsaicin aletsa mbewa kunenepa pa chakudya cha mafuta. Koma mbewa zobadwa popanda kachiwaloko zinanenepabe, ngakhale zinadya capsaicin yemweyo. Imeneyi ndi ntchito yabwino ndithu, ndipo ife sitiinyoza.

Koma tiyeni tiwerenge muyeso. Mu ufa wa tameriki, curcumin ali ngati magawo 3 okha mwa 100. Kuti mayi afike pa muyeso wa mbewa zija, ayenera kuthira timasipuni ta tiyi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, nsima ndi ndiwo zomwe, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndani angaidye nsima yotere? Ndiponso mbewa idya tsiku lililonse chakudya choposa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake; munthu wa makilogalamu 70 akadati atsanzire, akadadya makilogalamu 7. Pamwamba pa izi, curcumin wambiri angodutsa m'matumbo osalowa m'magazi. Ndicho chifukwa chake opanga makapisozi amawonjezamo piperine wa mu tsabola wakuda kuti alowe wambiri. Ndipo mu 2019 ku Italy anthu ena amene ankamwa makapisozi a tameriki anadwala chiwindi, mpaka boma linachotsa ena pamsika.

Chinanso tisachiphonye: mbewa zija zinayamba kulandira zokometserazo zisananenepe. Kuletsa nkhokwe kudzaza ndi kwina, kupungula nkhokwe yodzaza kale ndi kwinanso.

Mbewa zinawapusitsapo kale anthu ophunzira. Mu 1949, pa Jackson Laboratory ku Maine, panapezeka mbewa zosakhuta, zimene zimalemera mpaka katatu kuposa zinzake. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa pa Rockefeller University ku New York, pamodzi ndi anzake, anapeza chimene zinkasowa, nachitcha leptin. Atazibaya leptin, mbewazo zinawonda, ndipo ambiri anati mankhwala a kunenepa apezeka. Koma poyesa anthu, kunapezeka kuti onenepa ambiri ali naye kale leptin wochuluka, ndipo kuwonjezera sikunawathandize kwenikweni, kupatula owerengeka obadwa opanda iye.

Tsono amayi, thirani adyo, jinja ndi tsabola m'ndiwo monga mwa nthawi zonse. Pakuti ndiwo zikakoma nazo, dzanja silithamangira mchere ndi mafuta ophikira. Koma amene alikumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asawasiye chifukwa cha botolo logula m'basi. Ngati mwagula kale, litengeni tsiku lanu lopita kuchipatala, mukalionetse adokotala kapena anamwino musanayambe kumwa, makamaka inu amayi oyembekezera ndi inu amene munadwalapo chikasu.