Kukalipira wodwala mapapo sikuzimitsa ndudu

Wodwala mapapo akapezeka akusuta kuseri kwa nyumba, achibale timafulumira kuweruza: ndi wamakani, akudzifunira yekha imfa. Ine ndikukana.

Malume anga ali ndi matenda okhalitsa a m'mapapo amene madokotala amawatcha COPD. Kuchoka pakhonde kukafika pamjigo amaima kangapo kusaka mpweya. Khasu analisiya, ndipo kubawo sapitanso chifukwa amachita manyazi ndi chifuwa chosatha. Usiku amakhala tsonga poopa kubanika ali m'tulo. Chawatsalira ndi chingambwe chopichira papepala la nyuzi. Kuchipatala amawauza kuti "siyani fodya, bambo", ndipo sakulakwa. Koma palibe amene anawafunsapo ngati amapeza tulo, kapena chimene chikuwadya mumtima.

Fodya ndi wachinyengo. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe. Akayamba kutha m'thupi, munthu amapsa mtima msanga ndipo sakhazikika. Akakoka utsi wina chibaba chimazizira, iye n'kumati fodya wamuchotsera nkhawa, chonsecho nkhawayo wayiutsa ndi fodya yemweyo. Kwa wobanika zimafika poipa: kusowa mpweya kumadzetsa mantha, mantha amafulumizitsa kupuma, dzanja n'kuthamangira ndudu. Munthu wotere mukamuopseza kuti afa, mwangomuwonjezera chifukwa chosutira.

Bungwe la WHO lidati m'chaka cha 2019 COPD idapha anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2014 adapeza kuti anthu amene asiya kusuta nkhawa ndi kukhumudwa kwawo zimachepa poyerekeza ndi amene akupitiriza. Uthenga umenewu suwafika odwala ambiri, amene amaopa kuti kusiya fodya kuwasokoneza mutu.

Malawi idalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Ngati panganolo lili ndi mano, tiwaone m'chipinda chopimira odwala. Pa nkhani ya nkhawa, sipafunika kutumiza aliyense ku Zomba Mental Hospital. Namwino amene akumvetsera chifuwa afunsenso za tulo, za njala ya chakudya, za maganizo, ndipo chithandizo cha zonsezi chiyendere limodzi.

Inunso achibale, lekani kubisa machesi ndi kukalipa. Khalani naye pansi wodwalayo, mumufunse chimene chikumusowetsa tulo, ndipo tsiku lopita kuchipatala mumuperekeze mukazinene zimenezo kwa adokotala.