Anadwalira kwa eni, anabwerako ndi nzeru

Mtsikana wina amene ndinagwira naye nchito pa cipatala anapeza mwayi wokaphunzira za umoyo wa anthu kunja kwa dziko lino. Titamva mau akuti "kunja", tonse tinaganiza za ku Mangalande kapena ku Amerika. Pamene anatiuza kuti apita ku Dhaka, likulu la dziko la Bangladesh, ena anaseka. Inenso ndinam'funsa kuti, "Mwana iwe, ukaphunzirako ciani kwa amphawi anzathu?" Lero funso limenelo limandicititsa manyazi.

Ndalama zake zinali zocepa, cotero anapeza kacipinda pa banja lina la Cisilamu, pomwe panali bambo, mai, ana atatu ndi agogo akazi. Mai wa panyumbapo anali kuwaitana kuti "Khala", mau amene m'cinenero cao atanthauza mbale wa amai ako. Masiku oyamba anali owawa. Masana mpunga, usiku mpunga, ndiwo zodzaza mphiripiri, nsima osaiona. Ndi agogo anali kulankhulana ndi manja cabe.

Sabata lacitatu, pakati pa usiku, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Iye, munthu wa masatifiketi, anayamba kufufuza mapilitsi m'cikwama. Khala sanataye nthawi. Anatenga madzi owiritsa amene anali atazizira mumphika, nawayesa ndi cikho cimene aliyense panyumbapo anali kucidziwa, nasungunulamo paketi ya ORS, aja timawacha Madzi a Moyo. Anakhala pambali pake mpaka mbandakuca, kum'mwetsa pang'onopang'ono. Akasanza, anali kudikira kanthawi, n'kuyambanso. Kutaca mtsikanayo anapita kukaonana ndi dokotala akuyenda yekha.

Cimene cinam'dabwitsa n'cakuti mapaketiwo sanacite kukagulidwa usikuwo. Anali pashelefu ya m'khichini, pafupi ndi mcere, monga momwe ife timasungira macisa.

Patapita masiku agogo anam'fotokozera, mdzukulu wao akumasulira, kuti iwo anaphunzira mapaketi asanafale. Kumudzi kwao kunafika mai wina, nakhala pansi pabwalo, nawauza kuti atenge ciwiya cao, mcere wao ndi shuga wao wakuda wa nzimbe, asakanize okha iye akuyang'ana. Nkhani ya agogowo ndi mbiri yodziwika. Kuyambira mu 1980 kufika mu 1990, bungwe la BRAC linatuma azimai kuyenda khomo ndi khomo, ndipo anafika pa makomo oposa 12 miliyoni. Muyeso unali wapafupi: mcere wotsina ndi zala zitatu, shuga wodzaza cikhatho cofumbata, madzi theka la lita. Mvetsetsani apa: malipiro a aphunzitsiwo anali kudalira pa zimene mai wa panyumba wakumbukira. Pambuyo pake kunali kubwera munthu wina kudzafunsa maiyo mafunso ndi kumuuza kuti asakanizenso. Akalephera, wolephera anali mphunzitsi.

Tsopano tibwerere kwathu. Kolera imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia ndi kupha oposa 700. Mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Ambiri mwa amene anamwalira anathera kunyumba kapena panjira, dilipu asanaione. Kolera imapha pocotsa madzi ndi mcere m'thupi, ndipo munthu wamkulu wamphamvu angathe kutha m'maora owerengeka. Maora amenewo amapita munthu ali m'komboni, abale akufunafuna galimoto kapena wilibala. Dokotala wa maora amenewo ndi uja ali m'nyumba.

Kodi sitiphunzitsa? Timaphunzitsa ndithu. Ine ndaimirira kambirimbiri patsogolo pa mzere wa azimai, ana akulira, ndikufuula kuti "lita imodzi ya madzi abwino". Onse amavomera kuti amva. Koma sindinaonepo cikho ca mai ngakhale mmodzi. Sindidziwa ngati lita yake ndi botolo la sikwashi kapena kapu ya tiyi. Mai wina anabwera ndi mwana wofooka kwambiri, atathira paketi yonse m'kapu kamodzi kuti mankhwala "akhale amphamvu". Ndinam'kalipira. Mtsikana uja atabwerako ndi kundisimbira za Khala, ndinazindikira kuti ndikanakhala pa malipiro a ku Bangladesh, mwezi umenewo ndikanapita kunyumba cimanjamanja.

Maganizo anga ndi awa. Wophunzira aliyense wa zaumoyo, kaya namwino, kaya wa nchito ngati yanga, asanalandire pepala lake akhaleko milungu ingapo pa banja la m'komboni. Osati kufika masana ndi cikalata ca mafunso n'kubwerera kukagona ku koleji ai. Agone pomwepo, akaime pa mzere wa pa pompi m'mawa, agwiritse nchito cimbudzi ca mabanja asanu. Adzaona yekha kuti madzi amacoka pa pompi ali abwino, koma amaipira m'ndowa yosavundikira momwe aliyense amaviika kapu ndi dzanja lomwe. Adzamva cifukwa cake mai sawiritsa madzi pamene thumba la makala lakwera mtengo, ndipo adzaleka kunena kuti anthu a m'komboni ndi osamva.

Ena adzati nyumba zathu ndi zazing'ono ndipo ufa ndi wosakwana. N'zoona. Banja lolandira mlendo wotere liyenera kupatsidwa ndalama ya cakudya, ndipo lisakakamizidwe. Ena adzati ana athu anakulira m'makomboni momwemo, adziwa kale. Ambiri inde, koma amene anakulira m'nyumba ya pompi ya mkati ndi amene kawirikawiri amafika pa mipando yolamula, ndipo ngakhale wokulira m'komboni amaona zina akabwerera ndi maso a sukulu.

Pakali pano, inu makolo, musadikire kuti mlendoyo afike. Mvula isanayambe, sungani mapaketi awiri kapena atatu a Madzi a Moyo m'khichini. Werengani muyeso wa madzi wolembedwa pa paketi, cifukwa mapaketi amasiyana, ndipo pezani botolo limodzi la muyeso umenewo kuti aliyense panyumba alidziwe. Paketi ikasowa, thirani timasipuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasipuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kilorini. Wodwala ayambe kumwa nthawi yomweyo, ndipo azimwabe panjira yopita ku kiliniki. Mukadzabwera ku sikelo mwezi uno, bwerani nalo botololo, tidzaliyese pamodzi.