Digiri yoyeza pathupi

Mwana wa mlimi wa fodya ku Kasungu akakhoza MSCE, amasankhidwira pologalamu imodzi mwa zomwe analemba pafomu ya NCHE, basi zaka zinayi zadulidwiratu. Akalowa zaulimi ku Bunda, za malamulo azingozimvera kwa anzake a ku Zomba. Digiri zathu zili ngati malaya a pakaunjika: umavala omwe wapeza, kaya manja atalika.

Koma taonani pamene mlimi amagwera. Fodya amamudziwa bwino, kuyambira kufesa nazale, kusoka, kuyanika m'chigafa mpaka kudinda mabelo. Chimamugwetsa ndi pepala. Chiyambire 2012, fodya wambiri akulimidwa pamgwirizano ndi makampani, omwe amakongoza feteleza ndi mbewu n'kudzadula zawo mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma. Wowerenga mgwirizanowo n'kuuza bambo ake zotsala akachotsa ngongole, thiransipoti ndi misonkho ndiye akusowa pamudzi. Mu 2021 lamulo linathetsa utenanti, choncho mwini esiteti ayenera kudziwa malamulo olembera antchito. Nkhuni zoumitsira fodya nazo zikusowa. Mwana ameneyu akufunika kudziwa za nthaka, maakaunti, malamulo ndi za mitengo, koma dipatimenti yophunzitsa zonsezi pamodzi kulibe.

Kwina zinatheka kale. Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969, ili ndi digiri imene wophunzira amasankha yekha maphunziro mpaka makirediti akwane 360. Ku Gallatin, sukulu ya New York University, wophunzira amakonza ndondomeko yake ndi mlangizi, ndipo asanamalize amakayankha mafunso pamaso pa aphunzitsi. Imeneyi ndiye ndaikonda, chifukwa waulesi wofuna kutola zofewa zokhazokha amagwidwa.

Kwathu, maphunziro a ODL (ophunzira uli kutali) ku Mzuni ndi ku LUANAR anafewetsa nthawi, moti munthu angathe kuwerenga ali kumunda, koma zophunzira n'zosankhiridwabe. Ine ndikuti chaka choyamba onse aphunzire zofanana, kenako wofuna alembe ndondomeko yake, komiti iivomereze kapena iikane. Wa dipuloma ya ku Mwimba College of Agriculture, konkuno ku Kasungu, amuwerengere zomwe anaphunzira kale.

Chopinga chachikulu chili kwa olemba ntchito, makamaka boma, omwe polengeza ntchito amatchula dzina la digiri. Bola akadayamba kufunsa ndandanda wa maphunziro amene munthu anakhoza.