Aziyesedwanso kayendedwe, osangoyeza makhololo

Munthu amene mapapo ake adawonongeka sadziwika akakhala pabenchi kudikira dokotala. Amayankha moni bwinobwino, nkhope ili gwa. Vuto limaonekera panjira: ulendo wa kuchigayo umene kale unali wamphindi zochepa tsopano ndi wopumira pansi pa mtengo uliwonse, befu ali wefuwefu.

N'chifukwa chake madokotala a mapapo adayamba kuyeza kuyendako. Mu 1976, gulu la McGavin ku Britain lidayendetsa odwala chifuwa chamgonagona kwa mphindi 12 n'kuyeza mtunda. Mu 1982, Butland ndi anzake adaonetsa kuti mphindi 6 n'zokwanira, ndipo mu 2002 bungwe la American Thoracic Society lidakhazikitsa malamulo ake.

Zofunika n'zochepa: khonde losalala la mamita 30, zizindikiro ziwiri zokhotera, wotchi ndi mpando. Wodwala amayenda chauko ndi chauko mmene angathere. Akabanika amaloledwa kuima, koma wotchi siimitsidwa. Namwino sayenda patsogolo pake kuopa kumuthamangitsa, ndipo mawu olimbikitsa amakhala omwewo kwa aliyense, kamodzi pa mphindi. Ngati chilipo, kachipangizo kopanira pachala kamaonetsa mmene mpweya wa okosijeni ukutsikira m'magazi. Poyamba amayesa kawiri, pakuti anthu ambiri amayenda bwino kachiwiri akazolowera njirayo.

Nambala yotulukapo ili ndi tanthauzo lalikulu. Kwa odwala COPD, matenda amene njira za mpweya zimaphinjika mpaka kalekale, kulephera kufika mamita 350 kumasonyeza chiopsezo chokulirapo cha imfa, ndipo mulingo wa BODE wa mu 2004, woyezera chiopsezochi, umawerengera mtunda umenewu. Malangizo a mu 2014 a mabungwe a akatswiri a mapapo a ku Ulaya ndi ku America amati kusintha kwa mamita pafupifupi 30 ndi kumene wodwala mwiniyo amakumva m'thupi. Kumene khonde lilibe malo, ofufuza a ku chipatala cha Harefield ku England adaonetsa kuti liwiro la munthu pa mamita 4 okha limanenanso zambiri. Ngakhale kaponyedwe ka mwendo kamasintha: odwalawa amaponya mapazi mofupikitsa, amachedwa kunyamula phazi, ndipo amagwa kawirikawiri kuposa anzawo amsinkhu womwewo.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji chifukwa cha chifuwa chachikulu (TB). Kafukufuku wa Jamilah Meghji ndi anzake, amene adatsatira anthu 405 omaliza mankhwala a TB ku Blantyre ndipo adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Thorax mu 2020, adapeza kuti oposa theka adali akudandaulabe za chifuwa kapena kubanika pomaliza mankhwala. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse mapapo ake sankagwira bwino ntchito. Anthu otere m'kaundula amalembedwa kuti adachira, ndipo n'zoona, kachilombo kadafa. Koma mlimi amene sangathenso kumaliza mzere umodzi osaima, kapena wakabaza amene wasiya njinga, amabwerera kwawo popanda womufunsa za zimenezo. Onjezanipo amayi amene apuma utsi wa nkhuni ndi makala kukhitchini kwa zaka makumi.

Ena anganene kuti njira yoyeza kuyendayi siyitchula dzina la matenda. Akunena zoona. Mtima wofooka, kuchepa kwa magazi ngakhale bondo lopweteka zimafupikitsanso mtunda, ndipo amene wangodwala kumene mtima sayenera kuyesedwa motere. Khonde losalala silifanananso ndi zitunda za ku Ndirande. Komabe makina a spirometry opimira mphamvu ya mapapo sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, pamene wotchi ili m'foni ya namwino aliyense. Nambalayo ikalembedwa m'buku la kuchipatala la wodwala, pakatha miyezi itatu dokotala amadziwa ngati munthuyo akupeza bwino kapena akulowa pansi. Amadziwanso woyenera kumutumiza ku masewero olimbitsa thupi a odwala mapapo, omwe adayesedwa kale ku Kampala, m'dziko la Uganda, pa anthu ochira TB.

Unduna wa Zaumoyo uphunzitse anamwino ndi madokotala a m'zipatala za maboma njira imeneyi, ndipo aliyense womaliza mankhwala a TB amene akubanikabe ayesedwe kayendedwe asanatsanzikidwe.